Kodi wakabaza akamatsika mtsetse amamukankha ndani?

Funsoli linabwera tikudikira phala. Linali Lachiwiri m'mwezi wa June, kukuzizira moti ana onse anali ataunjikana pakhonde pomwe dzuwa limayambira kuwomba. Sukulu yathu ya mkombaphala ili m'mudzi wina m'boma la Balaka, m'mbali mwa njira yafumbi yotsikira kudambo. Wakabaza wina anadutsa atanyamula mayi ndi kathumba ka ufa. Atafika pamtsetse anasiya kupalasa, miyendo ili phee, njinga n'kumangothamanga yokha. Kamtsikana kena ka zaka zinayi, kamene nthawi zambiri kamangokhala duu pakona, kanandikoka chitenje.

"Anti, akumukankha ndani?"

Ndinayankha msangamsanga monga tinazolowerera ife akuluakulu. "Palibe akumukankha mwanawe, ndi mtsetse."

Kanandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka n'kufunsanso: "Mtsetsewo uli ndi manja?"

Anzake anaseka, phala linafika, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine inanditsata mpaka kunyumba. Usiku ndikutsuka mbale m'pamene ndinavomereza mumtima kuti mwana uja sindinamuyankhe. Ndinangomupatsa dzina la chinthu kuti asiye kufunsa. Iye anaona chinthu cholemera chikuyenda popanda wochikankha kapena wochikoka, ndipo zinamudabwitsa, monga mmene ziyenera kudabwitsira munthu aliyense amene akuyang'anadi. Ife timawauza ana kuti safunsa anadya phula, koma akafunsa timawatseka pakamwa ndi liwu limodzi.

Ndakhala mlezi pasukuluyi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndi imodzi mwa sukulu zija aboma amazitchula kuti CBCC, zomwe eni ake ndi anthu a m'mudzi. Makolo amasonkha chimanga, amayi amasinthana kuphika phala, komiti imayang'anira zonse, ndipo ife alezi ambiri timagwira ntchitoyi mongodzipereka. Dziko lathu lili ndi mfundo zoyendetsera maphunziro a mmera mpoyamba kuyambira mu 2003, ndipo ku maphunziro alionse a alezi omwe ndinapitako amanena chinthu chimodzimodzi, kuti mwana wamng'ono amaphunzira posewera. Tonse timagwedeza mitu. Tikabwerera kumudzi timayambiranso zakale: ana kuloweza masiku a pasabata m'Chingerezi, miyezi ya pachaka, kuwerenga mpaka 20 mofuula ngati nyimbo. Inenso ndinkatero tsiku ndi tsiku. Ukakhala ndi ana opitirira 40, alezi muli awiri, nyimbo yoloweza ndiyo imakuthandiza kuwasunga pamodzi. Komanso ndi imene makolo amaimva madzulo n'kukhutira kuti mwana akuphunzira.

Pa maphunziro ena a masiku ochepa kuboma ndinali nditamvapo za njira yophunzitsira yomwe amaitchula kuti pulojekiti. Mwachidule, ana amatenga nkhani imodzi yowakhudza n'kuifufuza mozama kwa masabata angapo, mafunso ali awo, manja ali awo, mlezi n'kumangowakonzera malo ndi zipangizo. Pambuyo pake ndinawerengako zina pafoni. Maganizowa si atsopano. William Heard Kilpatrick, mphunzitsi wa aphunzitsi ku New York yemwe ankatsata maganizo a katswiri wa zamaphunziro John Dewey, anawalemba kale mu 1918. Mu 1989 akatswiri a maphunziro a ana, Lilian Katz ndi Sylvia Chard, anawafotokoza mogwirizana ndi ana aang'ono, nawagawa patatu: poyamba kumva zomwe ana akudziwa kale ndi zomwe akufuna kudziwa, kenaka kutuluka kukafufuza, pomaliza ana kuonetsa anthu ena zomwe apeza.

Koma nkhani yomwe inandigwira mtima ndi ya ku Italy. Mu 1945, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, anthu a m'mudzi wa Villa Cella pafupi ndi mzinda wa Reggio Emilia anaganiza zomanga okha sukulu ya ana awo aang'ono. Ndalama zoyambira anazipeza pogulitsa kasinja wankhondo, mahatchi ndi malole omwe asilikali a Germany anasiya pothawa. Mphunzitsi wachinyamata, Loris Malaguzzi, atamva zimenezi anakwera njinga kukadzionera yekha, ndipo sanachokenso pantchitoyi moyo wake wonse. Lero anthu amachokera kutali kukaona sukulu za ku Reggio Emilia. Ine chomwe ndinaonamo ndi anthu a m'mudzi osauka, akusonkha njerwa ndi mphamvu zawo chifukwa cha ana. Ndinati, iyi si komiti yathu yomwe ija?

Lachitatu m'mawa sitinayimbe miyezi ya pachaka. Ndinawakhazika ana pamkeka n'kuwafunsa kuti anditchulire chilichonse choyenda chomwe anachionapo. Mayina anagwa ngati mvula: kabaza, njinga yamoto, ngolo, wilibala, minibasi, lole ya thonje, thirakitala, ambulansi, sitima. Wina anati mbuzi, ndipo panabuka mkangano wokoma woti mbuzi iwerengedwe kapena ayi. Anagwirizana okha kuti mbuzi ilibe matayala, ikhale pambali. Ndinawapatsa makala kuti ajambule pasimenti ya pakhonde. Apa ndi pomwe ndinaona zomwe zili m'mitu mwawo. Ambiri anajambula matayala akuluakulu oyandama paokha, osalumikizana ndi galimoto. Mnyamata wina anajambula njinga ya matayala asanu. Palibe ndi mmodzi yemwe anajambula tcheni.

Mafunso awo ndinawalemba pa katoni ndi kuikhoma pakhoma, aliyense monga mmene analinenera. Njinga ikaima imagweranji? Galimoto imamwa chiyani? Ngolo imaliriranji? Sitima chiwongolero chake chili kuti? Ndipo pamwamba pa onse, la kamtsikana kaja.

Ulendo wathu woyamba unali wa kwa bambo okonza njinga omwe amakhala pansi pa mtengo wa mango pamphambano, mtunda woti mwana wa zaka zinayi angayende osatopa. Ndinakawaona dzulo lake. Poyamba anakana. "Ine aphunzitsi, sukulu ndinalekeza sitandade 5, ndikawauza chiyani ana?" Ndinawapempha kuti asawauze kanthu, angogwira ntchito yawo ana akuona, ndipo ayankhe chomwe afunsidwa. Tinapita m'magulu awiri, amayi atatu akutithandiza kuyang'anira.

Bambo aja anagadabuza njinga, matayala kuloza kumwamba. Anamanga kansanza kofiira pa sipoko imodzi ya tayala lakumbuyo, n'kuzungulitsa pedulo ndi dzanja pang'onopang'ono kamodzi kokha. Ana anawerenga kuti kansanza kadutsa kangati. Kanadutsa kawiri, n'kupitirira pang'ono. Anabwereza, zinali chimodzimodzi. Mnyamata wina anafuula kuti tayala likuba, chifukwa pedulo yazungulira kamodzi koma ilo kawiri. Bambo aja anaseka, n'kuwaitana kuti aone mano: gudumu la mano lakutsogolo ndi lalikulu, lakumbuyo ndi laling'ono, tcheni ndi imodzi yomweyo. Sanafotokoze zoposa pamenepo. Ana anagwira mano aja, zala zinada ndi girisi, ndipo sanafune kuchoka.

Kenaka anachita chinthu chomwe sindinawapemphe. Anazungulitsa pedulo mwamphamvu, n'kuisiya. Pedulo inaima koma tayala linapitiriza kuzungulira, likulira kuti tiki tiki tiki. Kamtsikana kaja kanadzuka pomwe kanakhala. "Ngati wakabaza uja!" Bambo aja anakauza kuti kachitsulo kamene kakulirako ndi fuliwilo, kamalola tayala kupitiriza ulendo miyendo ikupuma. Anatenga yakutha m'bokosi mwawo n'kukapatsa kuti kaigwire. Kanaizungulitsa uku ikugwira, kuizungulitsa uko ikungolira tiki tiki. Theka la funso lake linayankhidwa pamenepo, ndi munthu yemwe ankati alibe choti n'kuuza ana. Anawaonetsanso timipira tachitsulo ta mu habu, ndi mphira ya buleki. Atamanga buleki kangapo tayala likuthamanga, anawauza akhudze mkombero wa tayala, ndipo unali wofunda. Pobwerera ana ena ankapekesa zikhatho zawo kuti amve kutentha komweko.

Ndikamakumbukira tsiku limenelo ndimaona mmene timapeputsira nzeru zomwe zili pakati pathu. Wokonza njinga, wowotcherera, mwini ngolo, mayi woyendetsa makina osokera, onsewa akugwira tsiku ndi tsiku zinthu zomwe ana adzakumane nazo m'mabuku a sayansi zaka khumi zikubwerazo. Sitiwaitana kusukulu chifukwa timaganiza kuti mphunzitsi ndi wa choko yekha.

Gawo lomwe linatenga nthawi yaitali, pafupifupi masabata atatu, linali la thabwa. Tinali ndi benchi yothyoka miyendo yomwe inkangodikira kukhala nkhuni. Tinachotsa thabwa lake, n'kusanjika mbali imodzi pa njerwa. Basi, zipangizo zathu zinali zimenezo. Ndinawauza ana abweretse chilichonse chomwe akufuna kuchitsitsa pathabwapo. Anabwera ndi zitsononkho, mandimu, mpira wachikulunga, zitini, mabotolo, mwala wafulati, silipasi yakutha, ngakhale supuni ya phala.

Lamulo linali limodzi: usanachisiye, unene kaye chomwe ukuganiza kuti chichitike. Poyamba ankangoti chipita. Patatha masiku awiri mawu anayamba kuchuluka. Ndimu imagubuduka. Supuni imatsetsereka. Silipasi imakana. Anapanga milu itatu pansi, wa zogubuduka, wa zotsetsereka ndi wa zokana. Ndiye panabwera botolo. Mtsikana wina analigoneka chopingasa, linagubuduka. Mnzake analiika choloza kumunsi, linangotsetsereka pang'ono n'kuima. Liikidwe mulu uti? Anakangana mpaka wina analira. Mkamwa mwanga munali mutadzaza yankho, koma ndinalimeza. Mapeto ake analiika pakati pa milu iwiri.

Kumeza yankho ndiyo ntchito yovuta kwambiri pa njira imeneyi. Palibe maphunziro omwe anandikonzekeretsa. Mwana akalakwitsa pamaso pako thupi lonse limafuna kumukonza, ndipo makolo athu anatilera momwemo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zonse zomwe ndinadikira, panapezeka mwana wina yemwe ananena chinthu choposa chomwe ine ndikananena.

Silipasi yokana ija inawavutitsa maganizo. Mnyamata wina wa zaka zisanu anapita yekha kukatenga njerwa yachiwiri n'kuisanjika. Silipasi inakanabe. Yachitatu, inayamba kukhwekhwereka. Yachinayi, inatsika mpaka pansi, ana n'kukuwa ngati timu yawo yagoletsa chigoli. Kuyambira pamenepo njerwa zinasanduka nkhani. Ndimu ikatsika pa njerwa imodzi imakaima pati? Nanga pa zitatu? Anayeza ndi mapazi, koma mapazi a wina ndi aakulu, a wina aang'ono, ndipo manambala sankagwirizana. Anathetsa okha vutoli posankha phesi limodzi lowongoka kuti likhale muyeso wa aliyense. Ine ndinkangolemba pakatoni: njerwa imodzi, mapesi awiri; njerwa zitatu, mapesi asanu ndi kachidutswa. Ana omwe ankaimba manambala mpaka 20 osadziwa kuti 5 ndi wochuluka kuposa 2 tsopano ankadziwa, chifukwa ankafuna kuti ndimu yawo ipambane.

Tinanyamula thabwa lathu kupita nalo panja. Pamchenga ndimu inangoti pang'ono n'kuima. Pamkeka inapitako patsogolo. Pasimenti inakafika kukhoma. "Mchenga ukuigwira," anatero wina. M'mabuku amakamba za kukhulana kwa zinthu, koma sindinaone chifukwa chochotsera mawu akewo n'kuikapo anga. Mchenga ukuigwiradi.

Pali chinthu chimodzi chomwe tinachisiya chosatha. Anatsitsa botolo lodzaza madzi ndi lina lopanda kanthu, lodzaza linakafika patali. Onse anagwirizana kuti cholemera ndicho chimathamanga. Tsiku lotsatira wina anabwera ndi ndimu yaikulu ndi ina yaing'ono, anazisiya limodzi, ndipo zinafika pansi pafupifupi nthawi imodzi. Anabwereza kasanu. Panali zii. Ndinawaona akuyang'ana ndimu, kuyang'ana botolo, kuyang'ana ine. Ndinawauza kuti kale kwambiri ku Italy kunali agogo ena dzina lawo Galileo omwe ankachita zomwezi, kugubuduza timipira pathabwa lopendekeka, ndipo popeza mawotchi abwino kunalibe ankayeza nthawi ndi madzi otuluka m'chidebe. Zomwe anapezazo zinasindikizidwa mu 1638, iwo ali nkhalamba. Chomwe ana anagwirapo n'chakuti agogo ankasewera ndi thabwa. Funso la botolo ndi ndimu lidakali pakatoni mpaka lero, ndipo sindikudandaula nalo. Mwana akapita ku pulayimale ali ndi funso lomusowetsa mtendere, wapita ndi chinthu chamtengo.

Sabata ina ndinalakwitsa. Poona kuti zinthu zikuyenda bwino ndinaganiza zowonjezera ndege. Ndinapinda mapepala usiku wonse, ndinakonza kanyimbo. Ana anaponya ndege zija kwa mphindi zochepa n'kubwerera kuthabwa. Palibe yemwe anafunsapo za ndege, ndipo ambiri amangoiona ngati kadontho kumwamba. Funso linali langa, osati lawo. Ndinasonkhanitsa mapepala aja n'kuwasunga.

Za magalimoto opanga okha sindinachite kuwauza. Mwana aliyense wa kuno anaonapo achimwene ake akuyendetsa galimoto ya mawaya, chiwongolero chake chachitali chofika m'chiuno, matayala okulungidwa ndi mphira. Loweruka lina tinaitana anyamata ndi atsikana angapo a sitandade 6 ndi 7 kuti abwere ndi magalimoto awo. Aang'ono anagona chafufumimba pansi kuona mmene chiwongolero chimakhotetsera matayala akutsogolo. Waya sitinawapatse, ndi wakuthwa ndipo ndi wolimba pa timanja ta zaka zinayi. Iwo anagwiritsa ntchito mabotolo apulasitiki, timakatoni ta sopo, mapesi, dongo ndi zitsekerero za mabotolo. Kuboola zitsekerero ndi msomali wamoto inali ntchito ya ife akuluakulu, kuseri kwa khitchini, ndipo tinkaonetsetsa kuti tizidutswa ting'onoting'ono tisafike kwa ana a zaka ziwiri omwe amaika chilichonse mkamwa.

Magalimoto oyamba anali okongola koma osayenda. Ana ankamata matayala a dongo m'mbali mwa thupi la galimoto, monga mmene anawajambulira ndi makala tsiku loyamba lija. Akaika pathabwa, galimoto n'kungokhala ngati silipasi. Mtsikana wina analira ndithu. Mchemwali wake wa sitandade 6 anangomutembenuzira galimoto ya mawaya chagada, osanena kanthu. Mwanayo anayang'ana, anayang'ananso, kenaka anati, "Ali pa kamtengo kamodzi." Anali ataona ekiselo. Komabe kamtengo akakalowetsa mwamphamvu m'katoni sikankazungulira. Panapita masiku awiri asanatulukire kuti kamtengoko kayenera kudutsa m'kati mwa bango, bango ndilo limangiriridwe ku galimoto, kamtengo kakhale komasuka. Atazindikira mmodzi, pofika nthawi ya phala onse anali atadziwa.

Yomwe sindidzaiwala ndi galimoto yotsimphina. Chitsekerero china ndinachiboola cham'mbali, osati pakati, chifukwa cha changu. Galimoto ya mnyamata yemwe anachitenga inkayenda modumphadumpha. Anzake anati yathyoka mwendo. Ndinafuna kumusinthira, iye anakana, anati akufuna aone chikuipweteka n'chiyani. Anachotsa tayala lija, kuliika pamwamba pa linzake, n'kuona kuti mabowo sakugwirizana. Anabwera kwa ine atanyamula zonse ziwiri. "Anti, bowo lizikhala pamchombo." Kuyambira tsiku limenelo chitsekerero chilichonse ankachiyendera asanachilandire, ndipo zingapo anandibwezera.

Si onse anasangalala nazo. Bambo wina anabwera m'mawa wina atakwiya ndithu. "Anti, mwana wanga akungobwera ndi matope kunyumba. Ndikamufunsa mwaphunzira chiyani, akuti tinapanga galimoto. Galimoto angapangenso kunyumba. Ife tinamutumiza kuno kuti akamakayamba sitandade 1 akhale akudziwa kale kanthu." Sindinawaone ngati olakwa. Akudziwa mmene makalasi a sitandade 1 amadzazira, ndipo akuopa kuti mwana wawo akasowa m'chigulumo. Chimanga chomwe amasonkha sichochepa kwa iwo. Ndinawapempha kuti akhale pang'ono, aone.

Tsiku limenelo ana anali atasandutsa mabenchi kukhala minibasi. Kutsogolo kunali chikwangwani chomwe anandipempha kuti ndiwalembere, cha Liwonde, ndipo awiri anali akukopera zilembozo pa katoni ina kuti nawo akhale ndi basi yawo. Mwana wa bambo aja ndiye anali kondakitala. Ndalama zinali masamba a mango. Ankawerenga okwera, kulandira masamba atatu kwa aliyense, ndipo wina atamupatsa asanu anamubwezera awiri osafunsa munthu. Bambo aja anaonerera mpaka basi inafika. Pochoka anangoti, "Komabe Chingerezi musachisiye." Sitinachisiye. Nyimbo zathu timayimbabe, kungoti sizitenganso m'mawa wonse.

Dandaulo lina ndilo linandipweteka. Agogo ena aakazi anandiuza mwaulemu kuti mdzukulu wawo wamkazi asamapange nawo magalimoto, ndi zachimuna, aziwumba timiphika. Ndinawayankha mwaulemu womwewo kuti funso lomwe linayambitsa zonsezi linachokera kwa mtsikana, ndipo kuti mdzukulu wawoyo ndi amene ankawumba matayala osasweka, chifukwa anaphunzira kwa iwo omwe kuti dongo amaumitsa pamthunzi. Anaseka, koma sindikuganiza kuti ndinawasintha maganizo. Mwanayo anapitiriza kubwera, ndipo ine sindinamuchotse pagulu la magalimoto. Pa ichi chokha sindikanagonja.

Masewero a minibasi anatipatsa mpata wokamba za msewu. Kuno magalimoto amayenda kumanzere, choncho woyenda pansi ayenera kukhala kudzanja lamanja kuti aziona zomwe zikubwera kutsogolo kwake. Tinajambula msewu pabwalo ndi phulusa. Ndipo popeza anali ataona ndi maso awo kuti ndimu yothamanga siima pomwepo, sizinavute kuwauza kuti lole yodzaza nayonso siingaime pomwe dalaivala waponda buleki. Ngolo tinangoiona tsiku limodzi, mwini wake atadutsa nayo dala pasukulu. Anawaonetsa goli, anapaka girisi, kulira kuja kunatha, funso lina pakatoni n'kulichonga.

La sitima ndilo linandidetsa nkhawa. Ana athu amaimva sitima za malasha zochokera ku Moatize m'dziko la Mozambique zikudutsa kulowera ku Liwonde ndi Nayuchi pa ulendo wa ku doko la Nacala, mabogi osawerengeka. Kupita ndi ana 40 m'mbali mwa njanji sindikanayerekeza. Chomwe ndinkadziwa n'chakuti sitima ilibe chiwongolero, njanji ndiyo imaitsogolera, ndipo magudumu ake ali ndi mlomo m'kati komanso ndi opendekeka pang'ono, okulirapo mbali ya m'kati. Ana anali ataona kale kuti chitsononkho sichigubuduka mowongoka, chimakhotera mbali yomwe ndi yowonda. Tinagoneka nsungwi ziwiri motsetsereka ngati njanji. Chitini chinkagubuduka pang'ono n'kugwera kumbali. Ndiye tinatenga makapu awiri apulasitiki, kuwalumikiza kukamwa ndi kukamwa, n'kumanga ndi mphira. Anatsika nsungwi zonse akudziwongola okha, akapita uku n'kubwerera pakati. Sindinganene kuti ana anamvetsa chifukwa chake. Anabwereza mwina ka 30, ndipo mnyamata yemwe anafunsa funsoli anapita kunyumba akunena kuti sitima imadziwongola ndi miyendo.

Panalinso ana awiri kapena atatu omwe nkhani yonseyi sinawakhudze kwenikweni. Ankakonda zidole zawo za nsanza ndi timiphika, ndipo sindinawakakamize. Mmodzi analowa mochedwa, atafuna ngolo yonyamulira chidole chake kupita nacho kusikelo. Ndiyeneranso kunena kuti njira imeneyi ndi yotopetsa. Kutolera zipangizo, kupempha anthu, kulemba zomwe ana anena, zonsezi zimachitika pa nthawi yomwe ukanakhala kudimba kwako. Mnzanga yemwe timalera naye anawa anasenza zambiri, makamaka kusamala aang'ono pomwe ine ndili pathabwa ndi akuluakulu.

Titatha masabata asanu ndi awiri mafunso atsopano anayamba kuchepa, ndipo tinaona kuti nthawi yotseka yakwana. Komiti inaitana makolo Lachisanu masana. Amfumu anabwera, bambo okonza njinga aja anabweranso atavala jekete, ndipo tinawakhazika kutsogolo. Pakhoma tinakhoma zojambula ziwiriziwiri za mwana aliyense, china chomwe ndinachikopera kuchokera pasimenti sabata yoyamba ndi china cha sabata yomaliza. M'zojambula zatsopano matayala anali atalumikizidwa, njinga zinali ndi tcheni, ndipo ina inali ndi kansanza kofiira pa sipoko. Panalibe ndakatulo yoloweza. Gulu lililonse linaima pa chinthu chake n'kumafotokozera aliyense wofika.

Kamtsikana kaja kanasankha thabwa. Kanali ndi galimoto yake ya botolo, matayala a zitsekerero zabuluu, mabowo onse pamchombo. Masabata onsewa sindinakauze mawu oti mphamvu yokokera zinthu pansi. Tsiku lina kanali katanena kokha, kakuyang'ana ndimu ikutsika, kuti pansi pamaitana zinthu, ndipo ndinalemba momwemo pakatoni pafupi ndi funso lake.

Bambo ake anafika mochedwa, akuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Anaima kumapeto kwa thabwa. Mwanayo anaika galimoto pamwamba, anaisiya, n'kukweza manja onse awiri m'mwamba kuti aliyense aone kuti sakuikhudza. Inatsika, inadutsa pasimenti, n'kukaima pafupi ndi phazi la bambo ake.

"Nanga waikankha ndani?" anafunsa bambowo.

"Dikirani kaye ababa," kanatero, kakuthamangira pa mulu wa njerwa. "Imani patali. Ndiikepo zitatu."